Musasayine Lachisanu lino: yankho kwa mayi amene akufuna kutsegula jimu ndi abale ku Johannesburg

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Mwanena kuti inu ndi bambo akunyumba muli ndi chilolezo chokhala ku South Africa mpaka kalekale, mwana wanu wamwamuna anaphunzira ntchito yophunzitsa anthu masewera olimbitsa thupi, ndipo mukufuna kutsegula jimu pogwiritsa ntchito dzina la kampani ina yodziwika, mwa dongosolo la franchise. Alamu anu alonjeza kuponyapo ndalama, mwana wa achemwali anu wochokera ku Mangochi adzakhala pa kauntala, ndipo eni dzinawo akuti mulipire dipoziti ndi kusayina pofika Lachisanu chifukwa ena akuwafunanso malowo. Mwafunsa ngati musayine.

Musasayine. Lamulo lenilenilo likukupatsani nthawi, ndipo amene akukufulumizaniwo akudziwa zimenezi.

Nkhani za franchise ku South Africa zili pansi pa Consumer Protection Act 68 ya 2008, yomwe inayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2011. Lamuloli limakutengani inu wogula franchise ngati kasitomala woyenera chitetezo, ngakhale mutagula kudzera m'kampani. Likuti eni dzina akupatseni chikalata choulula za bizinesi yawo, chomwe amachitcha disclosure document, masiku osachepera 14 musanasayine mgwirizano. M'menemo muyenera kupezeka chiwerengero cha nthambi zawo, mmene ndalama zolowa ndi phindu zinayendera chaka chapitachi, kalata ya wowerengera ndalama yotsimikiza kuti kampaniyo ikutha kubweza ngongole zake, komanso mayina ndi manambala a anthu amene akuyendetsa kale nthambi. Ine tsamba la mayinalo ndi limene ndimayamba kuyang'ana. Sankhani nokha anthu oti muwaimbire, musadikire kuti akusankhireni. Pitani ku nthambi zawo m'mamawa ndi madzulo, muwerenge anthu ndi maso anu. Afunseni kuti panadutsa miyezi ingati ndalama za mamembala zisanakwane kulipira lendi, makina akawonongeka wokonza amabwera liti, ndiponso kuti mwa anthu olembetsa mu Januwale ndi angati amapitiriza kulipira kukazizira mu Juni.

Mukasayina, gawo 7 la lamuloli limakulolani kuthetsa mgwirizanowo m'masiku 10 ogwira ntchito, popanda chindapusa, bola mulembe kalata. Kuimba foni sikuwerengedwa. Mawu a ufulu umenewu ayenera kulembedwa pamwamba pa tsamba loyamba, ndipo mgwirizanowo uyenera kunena kuti dipoziti yanu isungidwa mu akaunti yapadera. Ngati izi mulibe, funsani chifukwa chake musanatulutse ndalama. Koma samalani apa: masiku 10 amenewa akukhudza mgwirizano wa franchise wokha. Lendi ya nyumba imene mwasayinirana ndi eni nyumbayo, ndi ngongole ya makina, ndi mapangano ena apadera. Mutha kutuluka mu franchise koma n'kutsala ndi lendi ya zaka zisanu ya chipinda chopanda ntchito. Loya wanu alembe m'mapangano enawo kuti adzayamba kugwira ntchito pokhapokha franchise ikakhazikika, ndipo zaka za lendi zifanane ndi zaka za franchise.

Tsopano tifike pa chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Mudzalembetsa kampani ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, pansi pa Companies Act 71 ya 2008, ndipo mudzamva anthu akunena kuti ngongole za kampani sizikhudza katundu wa eni ake. N'zoona, mpaka tsiku limene mwasayina suretyship. Limeneli ndi pepala lolonjeza kuti kampani ikalephera kulipira, mudzalipira ndinu kuchokera m'thumba mwanu. Eni dzina, eni nyumba ndi banki, onse atatu kawirikawiri amalifuna, ndipo nthawi zambiri limabisala kumapeto kwa mulu wa mapepala. Likalembedwa kuti muli surety and co-principal debtor, wobwereketsa safunika kuyamba wathana ndi kampani, amangobwera kwa inu, ndipo nyumba yanu ikhoza kugulitsidwa khoti likalamula. Pemphani kuti pakhale malire a ndalama zimene mungafunsidwe ndi tsiku limene lonjezolo lidzathe. Ndipo musasayine nonse awiri ngati mmodzi akukwanira. Ngati ukwati wanu unamangidwa mwa lamulo la South Africa katundu ali wa pamodzi, Matrimonial Property Act ya 1984 imafuna chilolezo cholembedwa cha mnzanu pa lonjezo lotere, kupatula likachitika m'ntchito ya tsiku ndi tsiku ya bizinesi ya wosayinayo. Ngati munakwatirana ku Malawi, lamulo lokhudza katundu wa ukwati wanu likhoza kukhala la dziko lina osati la South Africa, choncho kaonetseni loya setifiketi yanu.

M'kalata mwanu mwati bambo akukana zolemberana mapepala ndi mng'ono wawo, akuti chibale n'fupa sichiola. Ndikuwamvetsa, ndipo sindikunena kuti alamu anu ndi osakhulupirika. Koma auzeni bambo kuti lamulo likukutetezani kwa eni dzina ndi masiku 14 ndi masiku 10 aja, pomwe pakati pa inu ndi alamu palibe chitetezo chotere kupatula chimene mulembe nokha. Funso loyamba ndi ili: ndalama za alamuwo ndi ngongole kapena ndi masheya? Ngati ndi ngongole, lembani kuchuluka kwake, chiwongoladzanja ndi nthawi yobweza, ndipo alibe mawu pa kayendetsedwe ka jimu. Ngati ndi masheya, ndi eni anzanu, adzagawana nanu phindu likapezeka ndipo adzataya nanu limodzi likasowa. Mabanja ambiri amayambana chifukwa wopereka ankaganiza kuti wagula gawo pamene wolandira ankaganiza kuti wabwereka.

Zimenezi zimalembedwa mu shareholders' agreement, mgwirizano wa eni masheya, yomwe siyenera kutsutsana ndi chikalata chokhazikitsira kampani, MOI. Pewani kugawana theka ndi theka popanda njira yothetsera kusagwirizana, chifukwa awiri ofanana mphamvu akakanirana kampani imaima, ndipo khoti likhoza kulamula kuti itsekedwe. Lembani kuti wofuna kutuluka ayambe wagulitsa masheya ake kwa abale, ndi mmene mtengo wake udzawerengedwere. Lembaninso za imfa, ngakhale ndi nkhani imene sitikonda kuikamba tili pamphasa. Alamu akamwalira, masheya awo adzapita kwa olowa chuma chawo, amene mwina ali kumudzi ndipo sanaonepo jimuyo, komanso mapangano ambiri a franchise amafuna chilolezo cha eni dzina umwini usanasinthe. Wilu ya aliyense ndi inshuwalansi ya moyo yogulira masheya a womwalira zimathandiza kwambiri pamenepa.

Mwana wanuyo alembedwe ntchito ndi kontrakiti ndi malipiro ake, padera pa masheya alionse amene mungam'patse. Werenganinso bwino ndime yoletsa kupikisana, restraint of trade. Makhoti a South Africa amaitsata, kupatula ngati wina wasonyeza kuti ndi yopanda chilungamo, ndiye ngati dzina lake lilimo, franchise ikadzatha akhoza kuletsedwa kuphunzitsa anthu m'dera lomwelo kwa nthawi yolembedwayo. Imeneyo ndi ntchito imene anaphunzira, musaigulitse mosadziwa.

Za mwana wa achemwali, ndinena mosabisa. Ngati analowa ndi chidindo cha mlendo cha masiku 30, sangagwire ntchito, ngakhale muitche kuthandiza. Immigration Act ya 2002 imalanga wolemba ntchito ndi chindapusa kapena ndende yofika chaka chimodzi pa mlandu woyamba. Akakhala ndi mapepala oyenera, ndi wantchito ngati wina aliyense: UIF (thumba lothandiza wantchito ntchito ikatha), tchuthi, ndi malipiro osachepera amene boma limaika, omwe mu Marichi 2025 anali R28.79 pa ola ndipo amaunikidwa chaka ndi chaka. Mukam'chotsa mosatsata ndondomeko, ali ndi ufulu wokusumirani ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito.

Jimu ikatsegulidwa, lamulo lomwe lija la Consumer Protection Act lidzatembenuka n'kuteteza mamembala kwa inu. Gawo 14 likuti kontrakiti ya membala isapitirire miyezi 24 popanda chifukwa chomveka chom'pindulira, ndipo akhoza kuithetsa popereka chidziwitso cha masiku 20 ogwira ntchito n'kulipira chindapusa choyenera chokha. Choncho ziwerengero zimene akuonetsani za ndalama zolowa mwezi ndi mwezi musaziyese zotsimikizika. Chikwangwani chonena kuti munthu akavulala ndi zake sichikupulumutsani ngati panali kusasamala kwakukulu, monga kusiya makina oduka waya akugwirabe ntchito, ndiye inshuwalansi ya ngozi za makasitomala ikhale mu bajeti kuyambira tsiku loyamba.

Mawa alembereni eni dzinawo imelo yopempha disclosure document ndi mgwirizano wonse, ndipo musunge tsiku limene mwazilandira, chifukwa masiku 14 amayambira pamenepo. Pokaonana ndi loya mutenge mapepalawo, kontrakiti ya lendi, setifiketi ya ukwati ndi mapasipoti, ndipo alamu anu apite nawo.