Funsani Tikuyankheni: Loni ya ku yunivesite si basale

Akonzi, mwana wanga wamkazi wasankhidwa kupita ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR. Ku sekondale ankaphunzira pa basale poti bambo ake anatisiya, ndipo pakhomo timadalira thonje ndi timbuzi towerengeka. Ena akuti boma lipitiriza kumulipirira, ena akuti ndi ngongole. Zoona n'ziti? Mapepala athu ambiri anapita ndi madzi a namondwe wa Freddy.
*Mayi wa ku Bangula, Nsanje*

Mayi, akunena zoona ndi achiwiriwo. Basale ya ku sekondale imathera pa Fomu 4, sipita naye mwana ku Bunda, komwe kuli LUANAR. Ku yunivesite thandizo lalikulu la boma ndi loni, ndipo limadzera ku bungwe loona za maloni a ophunzira la HESLGB lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015. Loni ndi ngongole, imabwezedwa. Grant, thandizo lina la bungweli, ndiye sabweza, koma amapatsidwa ochepa okhoza mwapamwamba, choncho musawerengere pamenepo.

Chimene chimagwetsa mabanja ambiri n'chakuti kusankhidwa ndi kupeza loni ndi nkhani ziwiri. Kusankha ophunzira kumayendetsedwa ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE pamodzi ndi mayunivesite, pomwe a maloni ali ndi fomu yawoyawo. Dzina kutuluka pa mndandanda sikuti mwana wapempha kale ndalama. Ayenera kudzaza yekha fomu pa intaneti bungwe la malonilo likalengeza, kulipira ku banki ndalama yolembetsera yomwe sibwezedwa, n'kutumiza tsiku lotsekera lisanakwane. Komanso apemphanso chaka chilichonse. Netiweki ya kumudzi tikuidziwa, asadikire sabata yomaliza.

Woyenera loni ndi Mmalawi wokhala ndi chiphaso cha unzika, amene walandiridwa pa sukulu ndi maphunziro ovomerezedwa ndi NCHE, ndipo ndi wosowa. Apa pa kusowa ndi pofunika kudekha. Oona mafomu amaweruza ndi zimene zalembedwa. Umasiye wa pakamwa suwerengedwa, pafunika chiphaso cha imfa ya bambo ake. Ngati chinakokoloka, yambirani kwa anyakwawa akulembereni kalata, mupite nayo ku ofesi ya kalembera wa unzika ya NRB kwa DC ku Nsanje boma. Pemphaninso kalata ku sekondale kapena kwa amene ankalipira basale ija. Kalata imeneyi ndi umboni wamphamvu, chifukwa imaonetsa kuti kuvutikako sikunayambe dzulo. Za setifiketi ya MSCE yotayika, a MANEB amapereka kalata yotsimikizira zotsatira.

Yang'anitsitsani maina. Mwana akalembedwa dzina la bambo pa chiphaso cha unzika koma la malume pa MSCE, kapena tsiku lobadwa likasiyana, fomu imakayikitsa. Konzani msanga pokalumbira kwa majisitireti. Ndipo polemba zimene banja limapeza, musakuze kapena kuchepetsa: thonje limagulitsidwa kamodzi pachaka, lembani choncho, osati ngati malipiro a pamwezi.

Loni ikatuluka, ya fizi imapita ku sukulu, simudzaigwira m'manja. Ya upkeep, yogulira chakudya ndi kulipira malo ogona, imalowa mu akaunti ya mwanayo ku banki, ndiye atsegule m'dzina lake. Si onse opempha amene amapatsidwa, ndipo ndalama nthawi zina zimafika sukulu itatsegulidwa kale. Mbuzi imodzi isungidwe ya thiransipoti ndi masabata oyambirira.

Ndili chaka chomaliza ku yunivesite. Ndikapanda kupeza ntchito, loniyi idzafa yokha?
*Wophunzira wa ku Ngabu, Chikwawa*

Ayi achimwene, sifa. Mumapatsidwa zaka ziwiri mukamaliza maphunziro, kenako ngongole yakhwima. Mukalembedwa ntchito, abwana anu ali ndi udindo wodula pa malipiro n'kutumiza ku bungwelo. Mukakhala pa geni, kaya yogula ng'ombe pa msika wa Ngabu, mukuyenera kubweza nokha, ndipo ndi bwino kukagwirizana nawo za kabwezedwe pang'onopang'ono kusiyana n'kubisala. Bungweli likulondola ngakhale amene anatenga maloni kuyambira 1985. Sungani risiti ya ndalama iliyonse imene mwabweza, ndipo musanachoke pa sukulu funsani chiwerengero chonse cha ngongole yanu, muchifananize ndi zaka zimene munalandiradi.