Kodi kudula mitengo ikuluikulu yokha kumapulumutsa nkhalango?

Bambo wina wa ku Nkhata Bay, amene amagwira ntchito muno mu Mzuzu, wanditumizira imelo. Akuti banja lawo lili ndi nkhalango yachilengedwe imene agogo awo anaisiya, ndipo ocheka matabwa akuwanyengerera kuti awagulitse mibawa ndi milombwa ikuluikulu yokha. Ochekawo akuti ing'onoing'ono idzakula, ndipo pakatha zaka zochepa adzadulanso. Bambowa akufunsa ngati zimenezi zili zoona.

Bambo, ochekawo sananame zonse. Kudula mosankha n'kwabwino kusiyana ndi kugwetsa nkhalango yonse monga amachitira ootcha makala. Mthunzi umatsala, nthaka sikokoloka kwambiri, mbalame ndi njuchi sizithawa. Pamene akunamizani ndi pa mawu akuti "zaka zochepa".

Mlombwa umakula mwaulesi. Thunthu lake limangonenepa mamilimita ochepa pa chaka, ndipo kuti ufike poti n'kuchekapo thabwa la chitseko pamafunika zaka 80, nthawi zina kupitirira 100. Ukadali waung'ono umatha zaka zambiri ukuphuka dzinja n'kuuma chilimwe, kwinaku ukukulitsa mizu pansi. Mbawa imafulumirako, makamaka m'mbali mwa mitsinje, komabe si bulugamu. Mitengo imene akuisirira lero inamera agogo anu ali ana.

Ngakhale kumene kuli malamulo okhwima nkhaniyi ndi yovuta. Ku Brazil, m'nkhalango ya Amazon, lamulo limaletsa kudula mitengo yambiri imene kunenepa kwake (kuyeza modutsa pakati pa thunthu) sikunafike masentimita 50, ndipo malo amene adulapo ndi makina amawapumitsa zaka 25 mpaka 35. Ku Cameroon amadikira zaka 30, pomwe amangochotsa mtengo umodzi kapena iwiri pa hekitala. Komabe akabwerera kachiwiri amapeza matabwa amtengo wapatali atachepa kwambiri, malo ambiri pafupifupi ndi theka. Ukaiyang'ana patali nkhalango imaoneka yobiriwira ngati kale, koma ukalowamo umapeza kuti mwatsala mitengo yokhota, yamphako, ndi ija imene akalipentala saifuna.

Choncho musanakambe za mtengo wogulitsira, werengani zimene muli nazo. Tengani chingwe, yesani malo a mamita 20 m'lifupi ndi 50 m'litali. Malo amenewo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a hekitala. Chitani zimenezi m'malo angapo, osati pokhapo pamene pali mitengo yokongola, chifukwa mtima umakonda kudzinamiza. Mtengo uliwonse wa matabwa muuzungulize tepi pa msinkhu wa pachifuwa, mamita 1.3 kuchokera pansi. Tepi ikawerenga masentimita 157, kunenepa kwake ndi 50. Ikawerenga 94, ndi 30. Lembani m'kope m'magulu atatu: yokhwima (kunenepa kwa 50 kupita m'mwamba), yapakati (30 mpaka 50), ndi yaing'ono (yosafika 30).

Gulu lapakati ndi limene lingakuuzeni zoona. Ngati muli ndi mibawa isanu yokhwima koma yapakati palibe, ndiye kuti mukadula isanuyo nkhani ya mbawa yathera pomwepo mpaka nthawi ya zidzukulu zanu. Zimenezi zimachitika kawirikawiri kumene moto wolusa umadutsa chaka ndi chaka, kapena kumene mbuzi zimadya mphukira. Ngati yapakati ili yambiri kuposa yokhwima, mukhoza kudula pang'ono, koma musiye ina yabwino kwambiri, yowongoka, kuti izigwetsa mbewu. Wocheka amafuna yomweyo, n'chifukwa chake pamenepa pamakhala mkangano. Kugulitsa yonse kuli ngati kugulitsa mbuzi zonse zoswa n'kumayembekezera kuti khola lidzaza.

Kadulidwe nakonso kamawononga kuposa mmene ambiri amaganizira. Mtengo waukulu ukamagwa umathyola ing'onoing'ono yambiri, makamaka ngati zilambe zaulumikiza ku inzake. Zilambezo zidulidwe kudakali miyezi, ndipo mtengo ugwetsedwere kumene kuli mpata kale. M'mbali mwa mtsinje ndi pamalo otsetsereka kwambiri musakhudzepo. Chabwino ndi ocheka athu n'chakuti amachekera pomwepo n'kusenza matabwa pamutu, choncho sipakhala misewu ya mathirakitala yopasula nkhalango. Choipa chawo ndi nthambi ndi utuchi zimene amasiya mulu, zomwe zimasanduka chakudya cha moto mu Okutobala.

Pali za malamulo. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020, silikulolani kungodula mitengo yachilengedwe n'kugulitsa chifukwa malo ndi anu. Mbawa ndi mlombwa zili m'gulu la mitengo yotetezedwa. Pitani kaye ku ofesi ya zankhalango ya boma lanu, afumu adziwenso, ndipo alangizi akaone mitengoyo ndi maso. Mu 2022 mayiko anaikanso mitengo iwiriyi pa ndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi yotha, kutanthauza kuti kuitulutsa kunja kumafuna chilolezo chapadera, monga zinachitikira ndi mtengo wa mukula mu 2019.

Ine ndikadakhala inu, ndalama za msanga ndikadazifuna kwina. Matabwa ambiri amene mumawaona pa msika wa Zigwagwa muno mu Mzuzu ndi a paini, ndipo paini amachekedwa atatha zaka 20 kapena 25. Ngakhale painiyo, taonani nkhalango yodzalidwa ya Chikangawa: mahekitala 53,000 amene ankaoneka ngati sangathe, koma kudula kosabwezeretsa ndi moto zinasiya mapiri ambiri ali mbee. Dzalani paini kapena bulugamu pamalo ena oguga nyengo yodzala mitengo ikayamba pa 15 Disembala, nkhalango ya agogoyo muziitapa mwa apo ndi apo.

Chilolezo chikapezeka, pakani utoto pa mtengo uliwonse umene mwavomereza, ndipo mugwirizane mtengo wogulitsira wa umodziumodzi, osati wa nkhalango yonse. Tsiku locheka pakhale wachibale woyang'anira, ndipo pomaliza muwerenge zitsa.