Ana, njinga ndi tenti: yankho kwa mayi wa ku Kapata

Mayi wina wa ku Kapata, komboni ya kuno ku Chipata, wanditumizira imelo. Amuna awo akufuna kuti pa holide ya Ogasiti banja lonse lipalase njinga, likagone mu tenti kumidzi. Apongozi akuti ndi misala, ndipo anansi ayamba kufunsa ngati galimoto idagulitsidwa. Akuti: tipite kapena tileke?

Mayi, zonena anansizo ndi zimene zandiyabwa. Kuno ku Chipata, tauni imene kampani ya Luangwa Industries inkapangira njinga za Eagle, tayamba kuchita manyazi ndi njinga? Bambo anga ankanditenga pa kaliyala kupita kumudzi mbali ya ku Chadiza, thumba la mchere lili pamiyendo panga, mapazi nditatambasula kuopa masipoko. Pa chitunda ankati "tsika tikankhe", ndipo ndinkakankha ndikulira. Koma mayina a mitengo, msuku ndi mpundu, ndinawaphunzira pamenepo. Ana anga atakula pang'ono ndinawatenga njira yomweyo, ndipo wamng'ono, amene kunyumba nsima amachita kumukakamiza, anamaliza mbale ya chibwabwa chotendera n'kupempha china. Lero mzungu akadutsa pa Great East Road atamangirira zikwama pa njinga timamukupizira manja, koma mwana wa kuno akachita zomwezo timati wasauka. Ine izi zimandinyansa.

Komabe pali pamene ndikugwirizana ndi apongozi anu. Ngati maganizo ndi okabisala pa tchire kuti munthu asakuoneni, imeneyo ndi misaladi. Kuno kulibe tchire lopanda mwini. Nkhalango yowirira ija mukuiona ngati malo abwino a mthunzi, nthawi zambiri ndi manda, ndipo pafupi pake pakhoza kukhala dambwe la gule. Mukakhoma tenti pamenepo mlandu wake sudzatha ndi pepani. Komanso Ogasiti ndi nyengo ya lupsa, moto wolusa sufunsa kuti mwagona ndani mu udzumo. Fikani pamudzi dzuwa lisanapendeke, tsikani pa njinga, funsani kwa amfumu, perekani moni mwaulemu, kenaka shuga kapena sopo. Adzakulozerani okha pokhoma, mwina pabwalo la sukulu pafupi ndi mjigo. Ndipo musakane chakudya chawo n'kutsegula zitini zanu. Anthu a m'tauni chizolowezi chimenechi tili nacho, timanyamula madzi a m'botolo n'kumayang'ana thobwa la eni mudzi ngati mankhwala.

Za Mfuwe

Abambo ambiri akangoti ulendo, mtima uli ku Mfuwe, poti msewu ndi wa tala. Ndi makilomita oposa 100, ndipo ukatsikira ku chigwa kumatentha, mu Okutobala ndiye osanena. Kufupi ndi paki ya nyama ya South Luangwa njovu zimalowa mpaka m'midzi. Kumeneko ndi ana pa njinga, ayi. Great East Road nayonso isiyeni: malole opita kuchipata cha Mwami, m'malire a Malawi, sapatukira mwana, ndipo kumapeto kwa Ogasiti magalimoto amachuluka chifukwa cha mwambo wa Kulamba ku Mkaika.

Ndiye pitani, mayi, koma yambani pafupi, usiku umodzi, m'misewu ya fumbi, kumudzi kumene kuli wachibale kapena wa mpingo wanu. Nyamukani m'mamawa mphepo isanayambe, masana mupume. Tengani pampu, chubu chapadera, zigamba ndi guluu wake, sipanala, neti ya udzudzu, mankhwala othira m'madzi akumwa, ndi mabulangete chifukwa mbandakucha kumazizira. Mabuleki a njinga za ana akawaone wokonza njinga musananyamuke. Apongoziwo muwauze dzina la mudzi ndi la amfumu, mwina adzakupatsiraninso uthenga wokapereka.