Kodi ndi mowa wa kumapeto kwa sabata umene ukukaniza thupi kutsika?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo iyi: "Ndikufuna kuchepetsa thupi. Kuyambira Lolemba ndimadya mosamala komanso ndimathamanga m'mawa, koma Lachisanu ndi Loweruka madzulo ndimamwa mabotolo asanu ndi limodzi tsiku lililonse. Sikelo siikusuntha. Mnzanga akuti ndisinthe ndiyambe kumwa mowa waukali, ndiponso ndisamadye tsiku lomwe ndikukamwa. Kodi ndimumvere, kapena ndingosiyiratu mowa?"

Achimwene, zikomo polemba mosabisa kanthu. Thupi likhoza kutsika munthu akumwako pang'ono, koma osati pa muyeso womwe mukumwerawu. Tiyeni tiwerengetsere limodzi.

Galamu imodzi ya mowa weniweni, uja umaledzeretsa, imakhala ndi makalori 7 (kalori ndi muyeso wa mphamvu yomwe thupi limapeza m'zakudya ndi zakumwa). Shuga ali ndi 4, mafuta ali ndi 9. Choncho mowa wayandikira kwambiri ku mafuta kusiyana ndi ku shuga, ngakhale kuti pakhosi umatsika ngati madzi. Botolo la mamililita 330 la mowa wa 5 peresenti limakhala ndi makalori pafupifupi 140. Mabotolo anu 12 aja ndi makalori oyandikira 1,700. Tsono munthu wofuna kutsika theka la kilogalamu pa sabata amayenera kuchepetsa makalori pafupifupi 500 patsiku. Mukachita zimenezi Lolemba mpaka Lachisanu mwapulumutsa 2,500, ndipo mowa wokha ukubweza gawo lalikulu la amenewa. Kuli ngati kutungira madzi m'ndowa yobooka.

Koma vuto silithera m'botolomo. Thupi lilibe posungira mowa, ndipo limautenga ngati chiphe chofunika kuchichotsa msanga. Chiwindi chimayamba chasiya ntchito zina n'kulimbana ndi mowawo kaye, ndipo chimatha kuchotsa magalamu pafupifupi 8 okha pa ola. Botolo limodzi lili ndi magalamu 13. Mukamwa asanu ndi limodzi, chiwindi chimakhala pa ntchitoyi maola oyandikira 10, ndipo nthawi yonseyi thupi limachepetsa kwambiri kuwotcha mafuta. Nanga ndi nthawi iti imene munthu amalakalaka zokazinga ndi zamchere? Ndi yomweyo. Mowa umadzutsa njala komanso umafooketsa kudziletsa, moti munthu amene masana anakana tchipisi, pofika botolo lachinayi amaitanitsa mbale yachiwiri osaganizanso kawiri. M'imelo yanu simunatchule zimene mumadya mukamamwa, ndipo ndikukhulupirira kuti makalori otsala aja akuthera pamenepo. Onjezani tulo tosakoma, poti mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo mbandakucha, kenako matsire a m'mawa mwake. Munthu wa matsire sathamanga, amangofuna chakudya chamafuta ndi pogona.

Za mowa waukali, mnzanuyo wanena zoona pang'ono. Toti ya mamililita 25 ya whisky, gin kapena vodka ili ndi makalori pafupifupi 55. Komabe ndani amamwa toti imodzi? Ndipo mukasakaniza ndi chakumwa chozizilitsa kukhosi cha mamililita 330, mwathiramo shuga wokwana magalamu pafupifupi 35, omwe ndi makalori 140, ofanana ndi botolo lomwe mukulithawa lija. Vinyo nayenso sapulumutsa: tambula ya mamililita 150 ili ndi makalori pafupifupi 120.

Langizo lachiwirilo ndilo landidetsa nkhawa, ndipo chonde musalitsatire. Kumwa m'mimba muli pululu kumachititsa kuti mowa ulowe m'magazi mofulumira, mumaledzera msanga, ndipo shuga wa m'magazi akhoza kutsika kwambiri chifukwa chiwindi chatanganidwa. Kwa odwala matenda a shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mankhwala otsitsa shuga, zimenezi zikhoza kukomola munthu. Mwina mnzanuyo amaona sikelo itatsika m'mawa mwake n'kumasangalala. Amenewo si mafuta, ndi madzi, chifukwa mowa umakodzetsa kwambiri. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri amabwerera.

Ndikanakhala inu, ndikanayesa milungu inayi osamwa, kadyedwe ndi kuthamanga zikhale momwe zililimu, n'kumadziyeza pa sikelo Lachisanu lililonse m'mawa musanadye. Mukatero mudzadzionera nokha gawo limene mowa ukutenga, osachita kumva kwa ine kapena kwa mnzanu. Mukafuna kudzayambiranso, sankhani tsiku limodzi, idyani kaye chakudya chokwanira chokhala ndi nyama, nsomba, mazira kapena nyemba, dziikireni malire a mabotolo awiri musanachoke pakhomo, ndipo pakati pa botolo ndi linzake imwani tambula ya madzi. Anzanu akayamba zogulirana mozungulira, nenani msanga kuti inu simulowa nawo, chifukwa ndi m'menemo momwe awiri amasandukira asanu ndi limodzi.

Palinso nkhani ya thanzi, yoposa ya lamba wa thalauza. Malangizo a ku Britain a mu 2016 amati munthu asapitirire mayuniti 14 pa sabata (yuniti imodzi ndi magalamu 8 a mowa weniweni), ndipo awagawe masiku atatu kapena kuposerapo. Amenewa ndi mabotolo ngati 8 a muyeso tatchula uja. Inu muli pa mayuniti oyandikira 20, m'masiku awiri okha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu January 2023 kuti palibe muyeso wa mowa womwe ungatchedwe wosavulaza thupi, makamaka pa nkhani ya khansa.

Kwa owerenga ena amene amamwa kwambiri tsiku ndi tsiku, mpaka manja kunjenjemera kapena kutuluka thukuta akapanda kumwa: musasiye mwadzidzidzi panokha. Kuteroko kungayambitse kukomoka kokhala ngati khunyu, ndipo kukhoza kupha. Kaonaneni kaye ndi dokotala kuti akuthandizeni kuchepetsa pang'onopang'ono.