Mwana akuti homuweki yake ndi kujambula filimu yoopsa, mumulole koma mfutiyo ayi

Amayi ena omwe amakhala ku England andilembera ali ndi nkhawa. Akuti mnyamata wawo wa zaka 16 ali mu Year 12, choyamba mwa zaka ziwiri zomaliza za sekondale zomwe kumeneko amati sixth form, ndipo anasankha Media Studies, phunziro la za mafilimu, TV ndi nyuzipepala, ndiye aphunzitsi apereka ntchito yoti iye ndi anzake atatu ajambule chiyambi cha filimu ya thriller, mafilimu aja oti ukamaonera mtima umakhala m'mwamba kuti kaya chichitike ndi chani. Anyamatawo agwirizana zokajambula usiku ku paki, wina azithamangitsa mnzake atanyamula mfuti ya chidole. Amayiwo akufuna kudziwa ngati izi ndi zasukulu zenizeni kapena mwana wangopeza njira yoyendera usiku, komanso ngati phunziro limeneli lingadzamudyetse mawa. Mnyamatayo nayenso anaika funso lake pansi, akufuna adziwe mmene angapangire kuti filimuyo ikhale yoopsadi.

Amayi, ndiyambe ndi mfutiyo chifukwa ndipomwe mtima wanga wagunda. Imeneyo musalole ngakhale pang'ono. Ku England lamulo la Firearms Act la 1968 limaletsa kunyamula chinthu chooneka ngati mfuti pamalo poyenda anthu popanda chifukwa chomveka, ngakhale chikhale cha pulasitiki, ndipo mpeninso uli ndi lamulo lake, Criminal Justice Act ya 1988. Munthu wodutsa ndi galu wake mu pakimo sangadziwe kuti ndi filimu, angoimba 999 basi, ndipo omwe amabwera akamva za mfuti ndi apolisi onyamula mfuti zenizeni. Makampani akuluakulu akamajambula zoterezi panja amadziwitsiratu apolisi ndi khonsolo komanso pamakhala katswiri woyang'anira zidazo, nanga ana anayi mumdima ali ndi ndani? Mukawauza aphunzitsi ake nawonso akana, sindikukayika.

Koma ntchitoyo ndi yeniyeni, mwana sakukunamizani. Yakhala ikuperekedwa m'ma sixth form kwa zaka zambiri, ndipo mwachitsanzo silabasi ya Cambridge ya Media Studies pa AS Level, mayeso omwe amalembedwa mu Year 12, imanena kuti ajambule chiyambi cha filimu yatsopano pamodzi ndi maina a opanga filimuyo olembedwa pa sikirini aja, chisapitirire mphindi 2, gulupu isapitirire anthu 4, kenako aliyense afotokoze payekha zomwe anachita ndi chifukwa chake. Mabungwe a mayeso amasiyana pa kutalika ndi kagawidwe ka malikisi, ndiye muuzeni akupatseni pepala la malangizo lomwe aphunzitsi anapereka muwerenge limodzi, mudzaona nokha kuti mbali yaikulu ndi kukonzekera, kulemba ndi kufotokoza. Kuthamanga ndi kamera ndi kachigawo kochepa chabe.

Tsopano iwe mnyamata, tamvera. Vuto lomwe ana ambiri amagwamo ndi kufuna kulowetsa filimu yonse mu mphindi ziwirizo, munthu wabedwa, wathamangitsidwa, waphedwa, wapolisi wafika, zonse pompo. Chimenecho si chiyambi, ndi filimu yathunthu yofinyidwa, ndipo woonera akamaliza alibenso choti adikire. Ntchito ya chiyambi ndi kutionetsa kuti tili kuti, tili ndi ndani, ndikutisiya ndi funso limodzi loti likutidya. Alfred Hitchcock, yemwe anali katswiri wa mafilimu amtunduwu, ankapereka chitsanzo cha bomba lomwe lili pansi pa tebulo anthu awiri akucheza. Likangophulika mwadzidzidzi woonera amadzidzimuka kamphindi kochepa n'kuiwala, koma ukamuonetseratu bombalo anthu ochezawo asakudziwa, amakhala akuvutika mumtima nthawi yonse yomwe akuchezayo. Mantha a thriller amachokera pamenepo, woonera adziwe kanthu komwe munthu wa mufilimuyo sakudziwa.

Ndiye taganiza chonchi, osatuluka ndi pakhomo pomwe. Mtsikana ali yekha m'nyumba madzulo akuphika nsima, foni ili pa sipika pambali pa chitofu, akulankhula ndi mayi ake omwe ali ku shifiti ya usiku ndipo akumuuza kuti akhome zitseko abwera mmawa. Iye akuyankha kuti wakhoma kale uku akuvundula ndi mthiko. Kamera ikumusiya pang'onopang'ono, ikudutsa mu kolido, ikutionetsa kuti chitseko chakumbuyo chili chotsekuka pang'ono ndipo pa kapeti pali mapazi onyowa olowera mkati. Tibwerere kukhitchini, iye akuseka pa foni. Kenako thabwa la masitepe lilire kamodzi pamwamba, mthiko uime. Dzina la filimu lituluke pamenepo. Mulibe mfuti, mulibe magazi, koma ndikukuuza kuti woonera aliyense afuna adziwe kuti walowayo ndi ndani, komanso khitchini ya kwanu yokhala ndi thumba la ufa ndi mawu a Chichewa pa foni ndi chinthu choti m'kalasi mwanu palibe wina angabwere nacho, pomwe paki ndi munthu wovala hudi wayimirira kuseri kwa mtengo aphunzitsi aziona chaka ndi chaka mpaka anatopa nazo. Sindikuti utenge nkhani yangayi, pezani yanu ndi anzako, ndikungofuna uone kuti zomwe uli nazo pafupi ndi zokwanira.

Musanagwire kamera jambulani storyboard, tizithunzi ta pamanja toonetsa shoti iliyonse, kutanthauza kachigawo komwe kamera yajambula osaima, olo utakhala kuti sutha kujambula bwino timitu tozungulira ndi timizere tikwana, chofunika ndi kuonetsa kuti kamera ili pati ndipo ikuona chani. Kuchokera pamenepo lembani mndandanda wa mashoti onse ndi manambala, pa mphindi ziwiri konzekerani mashoti 30 kapena kuposa chifukwa pokonza, podula ndi kulumikiza vidiyoyo, mudzataya ena. Pitani pamalopo tsiku lina musanajambule, pa ola lomwelo lomwe mudzajambulire, muone kuwala kulipo bwanji, masoketi ali kuti, firiji ikulira kapena ayi. Lembaninso fomu ya zoopsa zomwe zingachitike, aphunzitsi amaitcha risk assessment, monga poto wotentha, mawaya pansi, masitepe mumdima, ndi mmene mupewere. Zonsezi muzizisunga ndi madeti ake, ngakhale zomwe munasintha maganizo, chifukwa oyesa amafuna aone njira yomwe munadutsa, ndipo zoti mulembe zonse usiku umodzi kumapeto zimaonekeratu.

Pali timalamulo titatu tomwe aphunzitsi ako akuyenera kuti anatchula kale ndipo ndi pomwe malikisi amathawira. Loyamba ndi la madigiri 180, anthu awiri akayang'anizana uganize kuti pali chingwe chochoka kwa wina kufika kwa mnzake, kamera ikhale mbali imodzi ya chingwecho osadumpha, ukadumpha pa sikirini aoneka ngati onse akuyang'ana kumodzi ndipo woonera asokonezeka. Lina ndi match on action, dzanja likayamba kutembenuza chogwirira cha chitseko mu shoti yakutali, shoti yapafupi ipitirize pomwepo pomwe dzanjalo linali, ndiye wosewerayo achite chinthucho chonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza mu shoti iliyonse kuti pokonza mukhale ndi podula. Lachitatu ndi losavuta, pocheza muzionetsa uyu kenako uyo mosinthana, maso awo akumane bwino. Ndipo chonde foni igone chammbali, muiike pa tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu, kapena pa mulu wa mabuku, kugwedezeka kukhale kochita kufuna osati chifukwa dzanja latopa.

Za mdima, apa ndi pomwe ambiri amalira. Kamera ya foni ikasowa kuwala chithunzi chimadzaza timadontho ngati mchenga ndipo nkhope siioneka. Mdima wa mufilimu amachita kupanga ndi nyale. Zimitsani getsi la pamwamba, muyatse nyale imodzi ya patebulo kumbali kuti theka la nkhope liwale theka likhale mumthunzi, mukafuna kufewetsa muunikire kukhoma loyera kuwalako kubwerere. Komanso kumeneko mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana, ndiye shoti ya panja pa nyumba mutha kuitenga mutangoweruka kusukulu kusanade bii, palibe chifukwa choyendera pakati pa usiku. Kanthu kena kakang'ono, magetsi a ku Britain amayenda pa 50 Hz ngati a ku Malawi, pomwe mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa mafulemu 30 pa sekondi, nde nthawi zina nyale zimaoneka zikuphethira mu vidiyo. Lowa mu settings uike pa 25, ndipo nonse mu gulupu mugwiritse nambala imodzimodziyo.

Koma ukandifunsa chomwe chimasiyanitsa ntchito yabwino ndi ya bola ndapereka, ndi mawu. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino koma mawu osamveka amawatopetsa msanga. Ikani foni yachiwiri pafupi ndi pakamwa pa wolankhula kunja kwa shoti izijambula mawu okha, wina aombe m'manja kamodzi poyamba pa shoti iliyonse kuti pokonza mudzalumikize mosavuta. Mukamaliza nonse mukhale chete mujambule phokoso la chipindacho kwa mphindi imodzi, lidzakuthandizani kutseka mipata. Kulira kwa thabwa, kubwata kwa poto, kiyi pa loko, zimenezo mujambule padera mwapafupi n'kuziika pambuyo. Nyimbo musangotenga ya woimba wotchuka, onani zomwe malangizo akulola, kapena mnzanu wodziwa kiyibodi akupangireni kamawu kamodzi kotsika kokoka. Ndipo osaopa chete, pamene mthiko waima paja mukazimitsa zonse ndi pomwe woonera amasiya kupuma.

Pokonza, pulogalamu ya pakompyuta ya DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere womwe ndi wokwanira ngati kusukulu kulibe pulogalamu ina. Maina asakhale ongoponya kumapeto, ndi mbali ya ntchitoyo, sankhani zilembo zogwirizana ndi nkhani ndipo muonere ziyambi za mafilimu atatu kapena anayi mulembe ndondomeko yomwe maina amatulukira. Mafayilo muzisunga malo awiri tsiku lomwelo. Za gulupu ndinene mosabisa, pamakhala wina wosabwera, ndiye gawanani maudindo polemba, ikani tsiku lina lapadera lobwerezera zomwe zalakwika, ndipo iwe uzisunga umboni wa zomwe wachita ndi manja ako popeza pofotokoza aliyense amaima yekha.

Amayi, ndibwerere kwa inu pa funso la ntchito, ndipo sindikunamizani. Ntchito za mafilimu ndi TV ku Britain zilipo, kuli masitudiyo akuluakulu ngati Pinewood ndi Leavesden, koma ambiri amagwira pa kontirakiti, filimu ikatha amadikira ina, ndipo oyamba kumene amayambira pansi ngati runner, wotumidwatumidwa. Si ntchito ya malipiro okhazikika ngati unesi yomwe ambiri a ife timaithamangira tikafika kunja. Komabe si onse amathera ku mafilimu, luso lokonza vidiyo, kujambula mawu ndi kuyendetsa ntchito pa nthawi yake likufunika m'makampani otsatsa malonda, m'mabungwe, m'nyumba zoulutsa nkhani. Ngati mwana akuikondadi, pali BFI Film Academy yomwe imaphunzitsa achinyamata za mafilimu kuyambira zaka 16, bungwe la ScreenSkills limafotokoza ntchito iliyonse ya m'mafilimu ndi njira yolowera kuphatikizapo ma apprenticeship, kuphunzira ntchito uku ukuigwira, ndipo National Film and Television School ili ku Beaconsfield kwa omwe apita patali. Makosi ambiri a ku yunivesite a zojambula mafilimu amafuna kuona zomwe mwana anapangapo, ndiye timphindi tiwiri timeneti titha kukhala chinthu choyamba chomwe adzaonetse. Chomwe muyang'anitsitse ndi maphunziro ena omwe watenga pambali pa Media, muone pa UCAS, webusaiti yofunsira malo ku yunivesite, ngati akugwirizana ndi makosi omwe angadzafune akasintha maganizo.

Pakadali pano apatseni khitchini Loweruka limodzi, inu mukhale pabalaza kuti pakhale wamkulu pafupi poti pali moto, makolo a anzakewo adziwe komwe ana awo ali ndi nthawi yomwe amalize. Ndipo ngati asankha nkhani yofuna mawu a mayi pa foni, musakane akakupemphani, mulankhule mmene mumalankhulira masiku onse mukamamukumbutsa kukhoma chitseko.