Chifukwa chake maso amachita mdima mukayang'ana nyali panyanja

Achimwene a ku Senga Bay, mwafunsa chifukwa chake mukayang'anitsitsa nyali zokopera usipa usiku, n'kutembenuka, simuona ngakhale nkhafi ili m'bwato momwemo. Si matenda ayi.

Mkati mwa diso, chakumbuyo, muli retina, kachikopa kopyapyala komwe kamalandira kuwala. Maselo ake oonera mumdima amatchedwa ma rod, ndipo m'diso limodzi alipo pafupifupi 100 miliyoni. Nsonga ya rod iliyonse ili ndi timbale topyapyala pafupifupi 1,000, tosanjikizana ngati mbale pathandala. Katswiri wa sayansi wa ku Sweden, Fritiof Sjöstrand, ndiye anaonetsa bwino timbaleti mu 1953 ndi maikulosikopu ya ma electron, makina amphamvu okuza tinthu tosaoneka ndi maso. Khungu la kambale kalikonse ndi mafuta a mizere iwiri, ndipo m'menemo mwathithikana puloteni yotchedwa rhodopsin, yogwira kachidutswa kochokera ku vitamini A. Kuwala kukagunda, kachidutswako kamawongoka n'kuchoka. Nyali yanu ija imachita zimenezi ku rhodopsin yambiri nthawi imodzi, ndiye kuti ibwerere m'chimake pamafunika mphindi 20 mpaka 30. Yesani kutsinzina diso limodzi poyandikira nyali, mudzaona kusiyana.

Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti timbaleti sitikhalitsa. Tatsopano timapangidwa kutsinde, takale timathothoka kunsonga, makamaka m'mawa, ndipo pakatha masiku ngati 10 mulu wonse wasinthidwa.

Koma ngati kukada simuona ngakhale popanda nyali, pitani kuchipatala akakuyezeni. Mwina vitamini A wachepa. Mbatata yofiira mkati, mango ndi bonongwe zimathandiza, ndipo mafuta onga a usipa wanu womwewo amathandiza kumanga timbale timeneti.