Chikhulupiriro changa sichilola kulumbira, nanga chikalata cha kukhoti ndisaine bwanji?

Mayi, pepani ndi zovutazo. Mwanena kuti pa chikalata chokhudza chuma cha malemu amuna anu pali mawu awiri achingerezi, "sworn" (kulumbira) ndi "affirmed" (kutsimikiza), ndipo mukuopa kusaina chifukwa mumatsata Mateyu 5:34 pomwe pamaletsa kulumbira. Mtima ukhale m'malo, lamulo linaganizira kale anthu ngati inu.

Mawu akuti "affirm" amatanthauza kutsimikiza ndi mtima wonse kuti zomwe mwanena ndi zoona, koma osagwira Baibulo kapena Korani, osatchulanso dzina la Mulungu. Wolumbira amaitana Mulungu kuti akhale mboni yake. Wotsimikiza amangoima pa mawu ake. Njirayi inayamba ku England m'zaka za m'ma 1690 pofuna kuthandiza a mpingo wa Quaker omwe ankakana kulumbira, ndipo kuno kwathu ku Malawi ili m'lamulo lotchedwa Oaths, Affirmations and Declarations Act. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limatetezanso ufulu wanu wa chipembedzo, choncho kalaliki kapena wina aliyense asakukakamizeni kugwira buku.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa ambiri amasokonezeka. Kutsimikiza si kulumbira kwa theka ayi. Pamaso pa woweruza ziwirizi n'zolemera chimodzimodzi, ndipo wonama dala atatsimikiza amapalamula mlandu womwewo wopereka umboni wabodza, umene chilango chake chimafika zaka 7 m'ndende. Ndiye ngati pali ndime yonena za nyumba, munda kapena chiwerengero cha ana yomwe simukugwirizana nayo, iyambe yakonzedwa. Ndaonapo amayi akusaina pepala lomwe alamu awo analembetsa, poganiza kuti ndi mwambo chabe, kenako pepala lomwelo n'kuwatembenukira m'khoti. Zimandipweteka kwambiri, poti zinali zopeweka.

Musasainire kunyumba. Tengani chikalatacho chosasaina pamodzi ndi chiphaso chanu cha unzika, mupite kwa munthu wololedwa kulumbiritsa anthu, amene pa chidindo chake pamalembedwa Commissioner for Oaths. Maloya ndi mamajisitireti amagwira ntchitoyi, koma asakhale loya yemwe akukuimirirani pa nkhani yomweyi. Mukangofika muuzeni kuti inu mutsimikiza, simulumbira. Iye afafanize mawu akuti "sworn" n'kusiya "affirmed", inu musaine iye akuona, kenako asaine, alembe tsiku ndi malo, n'kudinda.

Ngati Chingerezi chimakuvutani, pemphani kuti akuwerengereni ndime iliyonse m'Chichewa, ndipo alembe kumapeto kwa chikalatacho kuti anakumasulirani ndipo munamva. Tsiku lokaonekera kukhoti muchitenso chimodzimodzi: musanayambe kupereka umboni, uzani kalaliki kuti mutsimikiza, ndipo adzakuuzani mawu oti mubwereze.